Nthungululu ya Akakowa

Iwe Limbani, chinthu chimenecho sachimenya ndi phazi. Tola, ubwere nacho kuno. Nawenso Tadala, vundikira foniyo patebulo, siithawa. Chinthu chakudachi mwakhala mukuchiona chikutchinga chitseko cha kukhitchini chibadwireni, koma palibe ndi mmodzi yemwe anafunsapo kuti chinachokera kuti. Mumangoti ndi chimphira cha agogo. Lero mvula yakutsekerani m'nyumba, ndiye mumva, mufune musafune. Ndiyankhula Chichewa, chifukwa ndikudziwa kuti mumamva zonse, ngakhale pakamwa panu pamangotuluka "yes, Gogo".

Uwu ndi mpira. Musaseke. Ndi mpira wa hoke ya pa ayezi. Eni ake ali nalo dzina lake, koma ine ndinautcha chitumbuwa, poti ndi wophwatalala, wakuda ngati chitumbuwa choiwalidwa pamoto. Unali wa timu ya ana yomwe lero kulibenso. Mukaifunafuna pafoni zanuzo mwina mupeza mzere umodzi, kuti inalipo ndipo inatha. Zotsalazo zili mwa ine.

Tinafika ku Bolton kuno kuchiyambi kwa zaka za m'ma 2010, ine, amayi anu ali namwali, ndi amalume anu a Yamikani ali kamnyamata ka kupulayimale. Agogo anu aamuna anali atatisiya kale. Tinali anthu odikira mapepala otiloleza kukhala m'dziko muno, osaloledwa kugwira ntchito, ongokhala m'nyumba kumayang'ana mvula. Ine wa ku Dedza ndinkadzitama kuti kuzizira ndimakudziwa. Linali bodza. Kwathu kuzizira kumathawa dzuwa likatuluka, kuno dzuwa ndi limene limathawa.

Amayi anu anazolowera msanga, pakamwa paja simukupadziwa kodi? Koma Yamikani anafota. Kusukulu ankamuseka kayankhulidwe, iye n'kusankha kungokhala chete. Akaweruka ankakhala pazenera, osadya, osasewera. Mwana amene kwathu ankasokosera mpaka nkhuku kuthawa pabwalo! Ndinkamuyang'ana mtima n'kumauma, chifukwa ndine ndinamubweretsa kuno.

Nyengo yozizira ya chaka chimenecho inali yoopsa, msewu wathu unauma gwa ngati botolo. Tsiku lina ndinamva kugogoda. Kutsegula, ndikupeza bambo wachizungu wamtali, wadazi, mneba wa nyumba yakumapeto kwa mdadada wathu, atamugwira Yamikani paphewa. Kwathu munthu akabwera pakhomo atagwira mwana wako, ndiye kuti mwanayo wapalamula. Ndinayamba kupepesa asanatsegule pakamwa. Bamboyo anangoseka, nati dzina lawo ndi a Derek, ndipo akhala akumuonera pazenera mnyamatayu akutsetsereka pamsewu ndi nsapato zakusukulu, kuchoka pamwamba mpaka pakona, osagwa. "Mwana ameneyu ndibwerekeni Loweruka," anatero.

Ndinakana. Munthu wosamudziwa, wa minibasi, wofuna mwana wanga? Anachita kubwera akazi awo, amayi Maureen, kamayi kakafupi koyankhula mothamanga, nati, "Tiyeni nanunso, mukadzionere nokha."

A Derek anali dalaivala wa basi wopuma ntchito, amene tsopano ankanyamula ana pa minibasi popita kukasewera. Timu ija anaiyambitsa ndi makolo ena ife tisanabwere, chifukwa matimu akuluakulu ankasankha ana. Iwo ankatola otsala: onenepa, amantha, ochedwa kuyamba, opanda zida, atsikana omwe. Dzina lachingerezi la timuyo linali la mbalame ina ya kunyanja yamchere, ndipo lilime langa linkalikana. Nditaona malaya oyera ndi timiyendo towonda tija, ndinangoti awa ndi Akakowa. Bwalo lawo silinali lawo, ankachita kubwereka kutsidya kwa Manchester, nthawi imene ena onse ankaikana, m'bandakucha wa Loweruka. Inu ana amakono, mumalira kudzuka kuti mupite kusukulu ya pakhomo pompa. Amalume anu ankandidzutsa ndi iwo, kunja kuli mdima wandiweyani.

Tsiku loyamba kulowa m'menemo ndinagwira pakamwa. Chinyumba chachikulu, pansi ponse ayezi, mozizira kuposa panja. Anthu athawa kuzizira kukalowa m'furiji! Ana avala nsapato zokhala ndi mipeni kunsi, m'manja ndodo zopindika kumapeto. Kwathu mwana akagwira mpeni timamulanda, kuno akumuveka kumapazi. Ndinafuna kumutenga mwana wanga n'kubwerera, koma nditamuyang'ana nkhope, ndinaona mano. Anali asanasekepo chitsikireni ndege.

Zida anamupatsa za m'kabati ya amayi Maureen, zosiya anzake amene anakula: chipewa cholimba, magolovesi, zotchinga mawondo ndi zigongono. Za fungo la chikwama chimenecho musandifunse. Ndinayesa sopo wamtundu uliwonse, ndinayesa kuyanika, ndinayesa kupemphera. Amayi anu ankati chikwamacho chizigona panja, ndipo mwezi wina chinagonadi m'bokosi kuseri kwa nyumba, amphaka n'kumachilambalala.

Yamikani anagwa, anagwa, matako kuchita kufiira. Kenako anasiya kugwa. Anayamba kudya, anayamba kuyankhula, usiku n'kumagona tulo teniteni. Nyengo yotsatira a Derek anati wakwana kusewera mpikisano. Ndinavala chitenje changa chabwino pamwamba pa mathalauza awiri, n'kukakhala pabenchi pakati pa makolo anzanga.

Malamulo sindinkawadziwa, ndipo mpaka lero ena sindiwadziwa. Koma chigoli sichifuna sukulu. Ndinaona chitumbuwa chikuchoka pandodo ya mnzake, ndinaona mwana wanga akuchilandira, akumuzemba mnyamata wamkulu kuposa iye, ndipo ukonde unagwedezeka. Ana inu, nthungululu munthu sakonzekera. Imachokera m'mimba, iwe umangotsegula pakamwa. Tsiku limene Yamikani anabadwa azakhali ake anaiimba pakhonde la chipatala. Pa ukwati wanga inamveka mpaka kudambo. Ndiye ine ndinapezeka ndaimirira, dzanja pakamwa, ndikululuta ndi mphamvu zonse za zaka zomwe ndinakhala chete.

Chinyumba chija chimabweza mawu. Oyimbira mpira anaima, n'kumayang'ana kudenga, akuyesa ndi belu la moto. Mayi wina wa chithandizo choyamba anandithamangira ndi bulangete, akuganiza kuti ndakomoka kapena chitumbuwa chandimenya. Makolo anzanga anangoti kakasi. Kenako anyamata a timu inayo anayamba kundiyeserera, akudzimenya pakamwa, akuzungulira mwana wanga.

Pobwerera, minibasi itatitsitsa pakona, Yamikani anadikira kuti anthu apite. Anandiyang'ana, maso ali ofiira, nati m'Chichewa chabwinobwino, "Amayi, musadzachitenso. Mwandichititsa manyazi."

Amenewo ndiwo anali mawu ake omaliza a Chichewa kwa zaka zambiri. Kuyambira tsiku limenelo, ndikamuyankhula Chichewa ankayankha Chingerezi, ngakhale m'nyumba, ngakhale tili awiriwiri. Achibale a bambo ake akaimba foni, ankangoti "hello" n'kundibwezera. Mukuyang'anana chiyani? Inde, ngati inu nomwe, koma inu ndi ulesi chabe. Iye anachita kutseka chitseko.

Zinandipweteka, sindibisa. Chingerezi changa ndi cha kuntchito, cha kuchipatala ndi cha m'basi. Sinditha kuseka nacho, sinditha kudzudzula nacho bwinobwino, ndipo Mulungu sindiyankhula naye m'Chingerezi. Komanso chiyankhulo chimenecho chili ndi mawu amodzi okha oitanira mayi ako ndi galu yemwe. Mwana wanga amene ankati "inu amayi" tsopano ankandiitana monga aitanira mnzake wa kusukulu. Timu inandibwezera mwana wamoyo, wakudya, woseka, koma wotseka pakamwa kwa ine. Ndinkaopa kuti ndidzafa tisanachezenso.

Kubwalo sindinasiye kupita. Mwana wanga anali kumeneko, ndikanapita kuti? Ndinangodziuza kuti kwa eni kulibe mkuwe. Akagoletsa ndinkaluma mpango wa m'khosi, ndipo mipango ingapo inatha ndi mano. Amayi Maureen anaona, nandibweretsera kabelu konga kamene makolo ena ankaliza. Ndinalandira ndi manja awiri, koma mumtima ndinkati belu kwathu timamangirira ng'ombe. Ndinkangokagwedeza mwaulemu.

Zabwino zinali zambiri, musaganize kuti ndinkangolira. Maulendo a ku Hull! Kukwera minibasi m'mawa, kudutsa mapiri opanda mtengo aja, nkhosa zili mbuu m'nkhungu, a Derek akuyendetsa pang'onopang'ono ngati akadali ndi okwera oti atsike. Ine ndinkanyamula zitumbuwa zenizeni m'bigiri. Nthochi zakuno zilibe kukoma, koma ana anjala sasankha. Kamtsikana kena, Holly, goloboyi wathu, kanandifunsa dzina lake, ndipo nditakauza kuti mpira wawonso ndimautcha dzina lomwelo, kanagwa nako kuseka. Posakhalitsa timu yonse inkakuwa pa ayezi, "Chitumbuwa! Chitumbuwa!" pofuna kupatsirana, adani n'kumasokonezeka. Mwana mmodzi yekha ndi amene sankatchula mawu amenewo. Mukumudziwa.

Kupambana sitinkapambana kawirikawiri. Nyengo ina tinagonja mpaka ndinayamba kuganiza kuti ndiwo malamulo ake. A Derek analibe nazo ntchito, ankati bola aliyense wasewera. Kamnyamata konenepa kamene kankachedwa kutembenuka ankakalowetsa chimodzimodzi ndi akatswiri, makolo ena n'kumang'ung'udza. Nyengo ina tinafika kumtunda ndithu, chikho tinachiona ndi maso, ena n'kupita nacho.

Ndipo tsiku la mlandu wa mapepala athu ku Manchester, sindinauze munthu koma amayi Maureen okha. Titafika, ndinapeza m'khonde mwadzaza majekete oyera a timu. Makolo anapempha tchuthi kuntchito kudzangokhala pabenchi. Sanaloledwe n'kulowa komwe, koma potuluka ndinapeza anthu ondidikira. Amati mwana wa mnzako ngwako yemwe, ndipo ine mwambi umenewu ndinauona ukuyenda ndi miyendo kwa anthu amene sanaumvepo. Mapepala atatuluka ndinapeza ntchito kunyumba yosamalira okalamba, ndipo ndinkasinthana mashifiti ndi aliyense kuti Loweruka likhale langa.

Koma chinthu chimakalamba. Ana oyamba anakula, napita kukoleji ndi kuntchito. Ana atsopano ankabwera ochepa, ndipo aluso ankatengedwa ndi matimu akuluakulu. Mtengo wobwereka bwalo unkangokwera. Mawondo a a Derek anayamba kukana, kenako mtima, adokotala n'kuwaletsa kuyendetsa minibasi. Makolo anakhala pansi kangapo, koma wosenza katundu yenseyo sanapezeke. Chakumapeto kwa zaka zimenezo, uthenga unabwera pafoni, kuti nyengo ikatha, Akakowa atha. Yamikani anali kaputeni, ndevu zitayamba kumera. Anawerenga, n'kukakhala pazenera lomwe lija. Chakudya chinazizira patebulo.

Ine zoti chinthu cholera ana chife ndi uthenga wa pafoni zinandikanika. Masana a Lamulungu ndinamanga chitenje, duku kumutu, n'kutenga shuga ndi buledi. Ndinati, "Yamikani, nyamula izi." Ananyamula osafunsa, n'kunditsatira mpaka nyumba yakumapeto.

Amayi Maureen atatsegula, ndinalowa osayankhula zambiri. Ndinavula nsapato, n'kukhala pansi pakapeti pafupi ndi mpando wa a Derek, miyendo n'kutambasula, mutu n'kuweramitsa. Anandilozera sofa, ndinakana. Anandifunsa za tiyi, ndinapukusa mutu. Amayi Maureen anatembenukira kwa Yamikani.

"Yami, kwagwanji? Wamwalira ndani? Ndi kwanu ku Malawi?"

Ndinkaganiza kuti mwanayo athawa ndi manyazi kachiwiri. Koma anaika shuga patebulo, nayankha m'Chingerezi, motsitsa mawu.

"Palibe wamwalira. Abwera kudzakupepesani za timu. Kwathu munthu akataya chinthu chachikulu sitiimba foni. Timapita, n'kukhala naye pansi. Sipafunika kuyankhula."

Anati "kwathu". Ndinamva ndi makutu angawa. Ndipo anakhala pansi nayenso, kumbali ya a Derek, monga amakhalira amuna. Ine sindinamuphunzitsepo zimenezo kuno. Anaziona pa maliro a bambo ake ali kamwana, n'kuzisunga.

Tinakhala pansipo nthawi yaitali. A Derek, munthu wosalira, ankangopukuta magalasi awo. Kenako anati, "Yami, ukudziwa chimene ndidzachisowe? Osati zigoli. Zaka zonsezi m'chinyumba chozizira chija ndamva makolo akukalipira oyimbira, akukalipira ana awo, akundikalipira ine. Tsiku limodzi lokha ndi limene ndinamva munthu akusangalala ndi thupi lonse chifukwa cha mwana. Ndakhala ndikudikira kuti ndidzamvenso, koma amayi ako anangotenga belu la Maureen."

Pobwerera kunyumba ine ndinati mumtima basi, mawu a a Derek apita ndi mphepo.

Mpikisano womaliza unali pabwalo lomwe lija, chisanu chikutha. Kunabwera ana akale, ena atanyamula ana awo. Amayi anu analipo, ali ndi pakati pa iwe Tadala, ndiye usamati sunapiteko. Tinagonja. Mumayembekeza chiyani, ndi Akakowa amenewo! Yamikani sanagoletse n'komwe. Atagwirana chanza ndi anzawo aja, ana athu anandanda pamzere, ndipo anayala kapeti pa ayezi kuti a Derek ayendepo ndi ndodo yawo. Anthu anaimirira n'kuomba m'manja, mwaulemu, mwachizungu, ndipo m'manjamo munatha msanga. Bambo uja anaima yekha pakati, osadziwa kochita ndi manja ake. Ine mpango unali kale m'mano.

Ndinangoona kaputeni wachoka pamzere. Anavula chipewa, natsetsereka mpaka pagalasi la kutsogolo kwanga, nalimenya ndi golovesi. Ndipo anakuwa, osati monong'ona ngati pakona paja, koma kuti chinyumba chonse chimve.

"Amayi! Alulutireni a Derek! Chonde, amayi, lulutani!"

Ndinalavula mpango, ndinaimirira, ndinatsegula pakamwa. Sipanatuluke kanthu. Khosi linali litachita dzimbiri, ndipo misozi inatseka njira. Anthu onse akundiyang'ana, mwana wanga akundidikira. Pamenepo amayi Maureen, ataona kuti zavuta, anaika dzanja pakamwa n'kuyesa okha. Ana inu, kunatuluka kulira kwa nkhuku yogwidwa mwendo. Ndinaseka, ndipo kusekako kunatsegula khosi. Inatuluka yonse, ya zigoli zonse zimene ndinameza, ya m'khonde la ku Manchester, ya mwana amene anachoka pazenera. Amayi anu analandira, Holly anayesa, azimayi ena anayesa, ana n'kumamenya ndodo zawo pa ayezi. Panalibe woyang'ana kudenga. A Derek anaphimba nkhope ndi chipewa chawo.

Chitumbuwa ichi ndi cha tsiku limenelo. Anandipatsa okha a Derek, nati chikhale kwa ine. Anamwalira patapita nyengo zingapo, ndipo pa maliro awo enieni tinakakhalanso pansi pakapeti yomwe ija, amayi Maureen osafunsanso kuti tikutani. Mukamawaona akubwera kudzamwa tiyi muziwapatsa moni wa manja awiri. Amalume anu aja, amene lero amaphunzitsa ana a eni kutsetsereka, anawalera ndi iwo.

Koma chimene ndimayamika kwambiri si nthungululu ayi. Tsiku lomalizalo minibasi kunalibe, tinabwerera pa thiramu ndi sitima, chikwama chonunkha chili pakati pathu, anthu atadzaza. Tikuyandikira ku Bolton, mnyamata uja anandiyang'ana nati, "Amayi, mwatopa? Tsamirani pano." Chichewa chake chinali chitapindika, mpaka lero n'chopindika, mumamumva nokha akamati "ndinapita" pomwe akufuna kunena kuti "ndidzapita". Sindinamukonze. Ndinatsamira.

Limbani, kabwezere pachitseko pomwe unachipeza, ndi manja. Iwe Tadala, sendera kuno. Amalume anu akwatira chilimwe chikubwerachi, ndipo khosi langa lokha silingakwane. Dzanja pakamwa, lilime lizimenya m'mwamba, mpweya uchokere m'mimba. Ukuti chiyani? Makoma ndi opyapyala, aneba amva?

Amve.